Ndaziona

Tinakutcha Ndaziona chifukwa cha maliro awiri
amene anatsogolera kubadwa kwako.
Sitinkadziwa kuti dzina limamva,
kuti lidzalowa m'maso mwako n'kuyamba ntchito.

Zaka zisanu ndi ziwiri zakwana
ndipo nkhope yanga sunaiyang'anepo yonse.
Umaitenga pang'onopang'ono ngati wogula shuga wa pa sipuni:
lero chipsera cha pachibwano,
mawa dzino langa lobenthuka.
Tsiku limene ndinameta ndevu ku Luchenza
unabisala kuseri kwa mtsuko mpaka madzulo,
kulirira bambo ako amene anapita ndi ndevuzo.

Ine ndikaima pamtunda wa esiteti
ndimaona tiyi basi,
makilo, sikelo, cholembera cha kapitawo.
Iwe umapendeketsa mutu,
kusuzumira ndi m'mphepete mwa diso,
n'kuloza tsamba limodzi lolumidwa ndi mbozi
pakati pa zikwizikwi.
Kenako zala zako zija patsogolo pa dzuwa,
gwede gwede,
ngati ukusefa kuwala kuti kutsale kosalala.

Kuchipatala cha pa boma ku Thyolo
getsi lalitali la kudenga linakuliza.
Ife tinkaona loyera, lodekha.
A Makwinja anati mwina kwa iwe limaphethira
ngati mphezi yosadziwa kuleka.
Anazimitsa. Unachotsa manja kumaso.
Anati maso ako alibe chilema,
koma zooneka zimalowa zonse pamodzi, popanda kuodira.
Dzina la vutolo, otizimu,
ndinalilemba kuseri kwa lisiti ya feteleza.

Ena amati tinakukhwimira.
Tikanakhwima bwenzi denga likudontha?
Ena amati ndiwe wamwano, suyang'ana akulu.
Pamsika wa Bvumbwe, tomato, zitenje, magalasi a minibasi
zimakukalipira nthawi imodzi,
ndiye ndimakuveka chipewa changa mpaka pamphuno,
tiziyenda ukuwerenga mapazi anga.

Dzulo kunagwa chiperoni.
Mitengo ya bulugama inasowa, tiyi anasowa,
ngakhale chimbudzi cha aneba.
Ine ndinatukwana nyengo.
Iwe unatuluka wekha, maso poyera,
dziko litachepa kufika pa msinkhu wako.
Unandikoka chala mpaka pa waya woyanikapo zovala
pamene madontho anandanda, osagwa.

Ndinawerama.
M'dontho lililonse munali nyumba yathu itazondoka,
ndi munthu wovala jekete yong'ambika,
nkhope yake yaing'ono ngati njere ya mapira,
koma yonse:
chipsera, dzino, maso onse awiri.

Unaiyang'ana nthawi yaitali.
Ine sindinapume bwino, kuopa kugwedeza waya.

Belu la kufakitale linalira kawiri tili pomwepo.
Kapitawo anandidula tsiku.
Amayi ako atandifunsa kumene ndinali
ndinati ndinali kuonedwa.