Sabata Yopanda Belu

Basi inanditula mdima uli bii,
chifunga cha ku Chikangawa chikadali pa galasi.
Ndinatsika ndi chikwama chamizeremizere,
ndowa yatsopano mtengo wake usanamatuke,
ndi juzi imodzi yokha,
ya ku Chikwawa, komwe juzi timavalira kuchezera maliro.
Mzuzu anandipatsa moni m'mafupa.

Lolemba, mzere.
Mzere wa lisiti la kubanki, mzere wa fomu yobiriwira,
mzere wofunsira kumene kuli mzere.
Mayi wa pawindo sanadzutse mutu.
"Nambala?"
Ndinati, Mwandida Tchale.
"Nambala, chemwali."
Dzina lomwe bambo ndi amalume
analimbirana masiku atatu ndili m'chikuta
lalowa m'manambala asanu ndi atatu.

Pojambula chithunzi cha chiphaso ndinaphethira.
Ndinapempha kubwereza, akuti ena akudikira.
Ndiye kuti zaka zinayi zonsezi
ndidzayenda nditadzikoleka pakhosi, ndili m'tulo.

Fomu ina inafunsa:
tidziwitse yani zikakuvuta?
Ndinalemba amayi. Amayi alibe foni.
Ndinalemba nambala ya a Sozinyo a pagolosale,
amene amatuma mwana kukaitana kudimba,
mwanayo nayamba wamaliza kaye mpira wake.

Lachiwiri, muholo,
mkulu wa tayi yofiira anati:
"Kuno kulibe belu.
Kulibe wokudzutsa, kulibe wokukwapula."
Anzanga anaomba m'manja, ena mluzu.
Ine m'mimba munangoti zii.
Chiyambire sitandade wani
belu ndi lomwe linkandiuza kuti ndili ndi njala.

Kenaka namwino anaimirira
nanena pa maikolofoni, masana dzuwa likuswa mtengo,
zija kwathu amanong'ona chitseko atatseka.
Anyamata kumbuyo anagwidwa chifuwa chabodza.
Ine ndinawerenga mabowo a nsapato zanga.

Lachitatu anatiyendetsa ngati anapiye.
Lusubilo, wa chaka chachitatu,
amayenda chambuyo uku akuloza:
uko kodyera, uko kolipira, uko musapiteko usiku.
M'nyumba ya mabuku ndinakhudza limodzi ndi chala,
lonenepa ngati njerwa, lozizira,
ndinabweza dzanja ngati ndaba.

Malo ogona pasukulu anatha ife tisanafike.
Ndapeza kachipinda ku Luwinga, kuseri kwa chigayo,
ndi Temwanani wa ku Rumphi,
amene amabwebweta m'Chitumbuka
ndipo amaseka m'tulo momwemo.
Usiku wachiwiri anamva mano anga akugundana.
Sanafunse. Anangondiponyera bulangete
lonunkhira utsi wa kwawo.

Lachisanu, pageti,
mayi wa nthochi anandiimitsa:
"Mwawuka uli, mwana wane?"
Ndinati zikomo.
Anaseka mpaka lichero linagwedera.
"Yayi. Unene kuti, nawuka makora, kwali imwe."
Ndinabwereza katatu, lilime likupunthwa,
anandiikira nthochi imodzi ya basela.

Kope langa ndinalisunga m'pulasitiki kuchokera kwathu
kuti lidzayambe ndi mawu a pulofesa.
Pepani amayi, tsamba loyamba lada kale.
Pali moni wa mayi wa nthochi,
mtengo wa kabaza kupita ku Katoto,
ndi ngongole ya makala imene tagawana pawiri.

Lero Lamulungu.
Mvula ya kuno siigwa, imangowaza,
imanyowetsa munthu mwaulemu.
Bulauzi ndayiika pansi pa matilesi kuti iwongoke.
Ndandanda wa maphunziro ndamata pakhoma ndi chingamu.
Chipinda chomwe walembapo m'mawa wa mawa
ndachifuna kawiri, sindinachipeze.

Chigayo chazima.
Ndauza Temwanani kuti andidzutse faifi koloko.
Wandiyang'ana, foni yake yakufa ili m'manja,
akuti naye amafuna kundipempha zomwezo.