Woyankha Nambala 112

Ntchito yanga ndi kupukuta fumbi
m'chipinda chapansi cha laibulale ya yunivesite,
komwe dzuwa silifika, koma chinyezi chimadziwa njira.
Mabuku akuno savala zokongola:
zikuto zakuda, zilembo zagolide zozilala,
mayina a anthu amene anavala gauni tsiku limodzi
n'kusiya tulo ta zaka zitatu pa shelefu.

Ndimawazindikirira kumsana.
Ili ndi la ana osiya sukulu ku Chawama,
ilo la aphunzitsi obwerekana choko ku Matero,
lonenepalo, la kalembera wa anthu,
limatigwirira chitseko mphepo ya Julaye ikalusa.

Lachitatu lija lina linapulumuka m'manja
n'kugwa chagada, kukamwa yasa.
Kusefukira kwa madzi ku Kanyama, tsamba 86.
Woyankha nambala 112, mkazi wamasiye,
wogulitsa makala, ana anayi.
M'Chizungu chimene pakamwa pake sichinatulukepo
akuti anati:
madzi akalowa, ana timakweza patebulo,
makope awo timawasenzetsa pamutu.

Ndinakhala pansi, pa simenti pomwepo.
Tebulolo ndikulidziwa,
mwendo wake umodzi unali njerwa ziwiri.
Wosenza makope, wamakutu otuwa ndi kuzizira,
ndinali ine.

Mtsikana uja ndamukumbukira,
wa majombo atsopano ndi kamakina kojambula mawu.
Tiyi anayamba wakana, kenaka anamwa.
Amayi anasesa pakhomo kawiri,
anamanga chitenje cha kutchalitchi,
n'kumuthululira zonse:
ngalande yotsamwa ndi mapulasitiki,
chimbudzi chobweza zomwe chinameza,
kolera amene anatilanda Esinati usiku umodzi.

Esinati ndamupeza, ali m'ndandanda wa manambala,
mzere wachitatu, kuseri kwa kadontho.

Kumapeto kuli malangizo asanu ndi awiri.
Boma likumbe. Khonsolo izitola zinyalala.
Pachitikenso kafukufuku wina.
Lomalizali ndi lokhalo linamveka,
abale ake asanu ndi anayi ndawaika ndekha pambali pake.
Kakhadi kakumbuyo kali ndi zidindo ziwiri basi.
A Kalonde, abwana anga, amati buku silifa, limangodikira.
Kaya. Chiswe ndiye sichidikira.

Ndinajambulitsa tsambalo ndi ndalama ya nkhomaliro,
minibasi mpaka Kulima Tawa, kenaka wapansi,
kudumpha pamiyala yomweija, matope omweaja.
Amayi ndinawapeza akuthira makala m'timajumbo.
Ndinawawerengera, kubwezera mawu awo kwawo
ngati mbale yobwereka yobwera itaphwanyika m'mbali.

Anamvetsera, manja ali bii.
"Analakwitsa," anatero. "Munali asanu.
Wam'mimba sanamufunse."
Ndiye anatembenuza pepala, kuyang'ana kuseri kopanda kanthu.
"Dzina langa lili pati?"
Amabisa, amayi, ati n'kukutetezani.
Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.
"Kunditeteza kwa yani?
Madzi khomo lino amalidziwa kale."

Komabe pepalalo analipinda kanayi,
kulilowetsa m'jumbo ya shuga,
kulisomeka pamwamba, pakati pa lata ndi khoma,
pamene mzere wa madzi a chaka chatha sunafike.

Lamulo la laibulale ndimaliloweza,
ndine ndinamata chikwangwani chake:
osalemba m'mabuku.
M'mawa mwake ndinalawira a Kalonde asanafike,
pensulo yonola bwino m'thumba.
M'mphepete mwa tsamba 86, motsindika pang'ono,
ndinalemba: Zelipa Mvula.
Akadali moyo. Akadali komweko.
Ana anali asanu.

Bukulo ndinalibwezera pamalo pake
koma ndinalisolola pang'ono, chala chimodzi,
kuti wodutsa ndi changu
limukole malaya.

Kunja, cha ku Kalingalinga, mitambo inali itayamba kudera.