Manja Anayi

Mvula ya kuno ku Belmullet imabwera chopingasa
kuchokera kunyanja yamchere,
n'kumagogoda zenera ngati munthu wodzalonjerera ngongole.
Lachinayi. Ndawaza ufa patebulo,
pomwe paja iwe, Gobnait, unkawaza.

Kapepala kako kali m'chitini cha tiyi, kopinda kanayi,
pakona pali banga la batala.
Unalemba kuti: ufa wa tirigu, manja anayi odzaza.
Mchere. Soda, pang'ono.
Chambiko mpaka zikwane.
Mpaka zikwane!
Zaka makumi atatu ndi mphambu zisanu ndinkangodya
osafunsa kuti kukwanako n'kotani.
Nanga manja anayiwo ndi a yani?
Angawa ndi mafosholo,
anakulira pa chingwe cha boti ndi miono ya nkhanu.

Woyamba, sabata yatha, anatuluka wachikasu mkati,
fungo lake ngati sopo.
Galu wa Ultan anamununkhiza, nandiyang'ana, napita.
Wachiwiri ndinamukanya ngati wandilakwira.
Anauma gwa.
Mpaka lero ndi amene akutchinga chitseko cha khola.

Mayi Concepta Gaughan atabwera kudzabwereka makwerero
anafikisa nyenyeswa pakati pa zala, nati:
"Fiachra, ukumumenya.
Buledi ameneyu alibe yisiti woti umudzutse.
Sagonera, sadikira munthu.
Soda akangokumana ndi chambiko, nkhani yayamba kale.
Lowetsa dzanja, zunguliza, choka."

Ndiye lero ndakumba kadzenje pakati pa ufa,
ndathira chambiko chozizira mpaka m'milomo,
zala ndatambasula ngati phazi la khwangwala,
kuzunguliza kamodzi, kawiri, kasanu,
ndipo ndaleka
ngakhale mikono ikuti pitiriza.
Zikumata, zosasalala, zosaoneka bwino.
Ndangosonkhanitsa, n'kuphwatalala nazo pang'ono.

Pa mtanda ndalemba mtanda,
mpeni kulowa ndithu, kuchoka uku kufika uko,
kenako kuboola ngodya zinayi ndi nsonga.
Unkati n'kutsegulira njira timizimu tokhala mkatimo
kuti tingakuwonongere chakudya,
unkatero maso ali mwee, kudikira kuti nditsutse.
Nditakana kutsutsa unanena zoona zake:
n'kuti moto ufike pakati.

Mphindi makumi anayi mu uvuni.
Sindinadziwe kuti n'zazitali chonchi.
Ndatsuka mbale imodzi kawiri.
Wailesi ikuwerenga maliro a m'boma lino la Mayo,
mayina, midzi, nthawi ya Misa.
Lako linawerengedwa mu Febuluwale,
itangotha mitengo ya nkhosa, zanyengo zisanayambe.
Ndatsitsa mawu, osazimitsa.

Fungo layamba kukhitchini, ladutsa mpaka pakhonde
pomwe jekete lako likadali pa msomali.

Ndamutulutsa, ndamutembenuza pansalu,
ndagogoda kunsi kwake ndi mfundo za zala
monga unkachitira, khutu utatchera.
Gu, gu.
Mkati mwayankha ngati m'chipinda chopanda katundu.
Akuti akamveka choncho ndiye kuti wapsa.

Ndamukulunga m'nsalu yonyowa kuti khungu lisaume,
ndamuika pazenera,
nthunzi yaphimba galasi, phiri lazimirira.

Bláthnaid afika mawa kuchokera ku Toronto,
basi ya ku Ballina, hafu pasiti sikisi.
Pafoni sanapemphe kanthu.
Anangofunsa kuti, "Bambo, mukudya?"
Koma buledi uyu ndi wa tsiku limodzi, sagoneka,
mawa ndidzayambiranso, ufa, dzenje, chambiko,
ndipo mwina dzanja lidzaiwala za lero.

Unkati adikire azizire.
Ndadula kunsonga akadali wotentha,
batala wasungunuka n'kutsikira pachigongono,
ndipo palibe wondimenya kadzanja.
Ndadyera chiimire, nsapato zamatope zili kuphazi.

Soda wapitirirabe pang'ono, ndikumumva kumbuyo kwa lilime.

Ndatenga pensulo ya m'boti,
pansi pa manja ako anayi
ndalemba ndi zilembo zanga zokhota:
anga, atatu.