Lendi ya Kabotolo

Lachinayi m'mawa ndinapempha tchuthi kudoko.
Kireni yanga ndinaisiya itaimika khosi m'nkhungu ya ku Busan
ngati kakowa woiwala chomwe anadzera kumadzi,
ndinakwera sitima ya pansi pa nthaka, m'mimba muli pululu
poti anati ndisadye.

Dokotala Pyo ndi mtsikana, msinkhu wa mwana wanga.
Anandijambula pamimba ndi cholembera chabuluu,
n'kutsina mafuta omwe mkazi wanga wakhala akulimbana nawo
zaka makumi awiri ndi masamba owiritsa.
Lero akuti muli chuma m'menemo.
Ndinaseka, singano ili kale mkati.

Akuti m'mafutamo muli maselo amene sanasankhebe ntchito,
anyamata oima pageti m'bandakucha
kudikira kuti kapitawo aloze chala:
iwe fupa, iwe mnofu, iwe dikira kaye.
Ndimawadziwa anyamata amenewo. Ndinaimapo pageti.

Ndinamufunsa, kodi adzandichiritsa?
Sanalumbire. Anakankha magalasi pamphuno n'kunena kuti
mwina, mwinanso ayi, ofufuza akadali m'njira,
chomwe tikugulitsa pano ndi malo ozizira basi.
Mawu amenewo ndiwo anandisainitsa.
Akanayamba zondilonjeza moyo wosatha
ndikanatola jekete n'kutuluka.

Mkulu wanga Deok-man sanasunge kanthu.
Anayamba mawondo, kenako chiuno, kenako magazi.
Tinamutsitsa pamasitepe a ku Yeongdo anthu awiri
atapepuka ngati thumba la nsomba zouma.
Pamaliro ndinkangosisita bondo langa lakumanzere,
lija limalira ndikamakwera makwerero achitsulo,
ndipo ndinachita manyazi kuganiza za ine mwini
pamaso pa chithunzi chake, zofukiza zikuyaka.

Tsopano ndili ndi nyumba ziwiri.
Ina pansanjika yachisanu ndi chinayi, zenera loyang'ana kumlatho.
Inayo kabotolo kochepa kuposa chala changa chaching'ono,
m'thanki yofuka nthunzi yozizira
yomwe ndinangoiona pachithunzi.
Chaka chilichonse mu Malichi lendi imachoka yokha kubanki.
Ok-bun amawerenga lisiti n'kupukusa mutu:
tikulipirira munthu wogona, sagwira ntchito, sapereka ndi moni womwe,
denga la mayi ku Namhae likudontha.
Sindimuyankha, poti sakunama.

Usiku ndikakhala m'mwambamo, m'kachipinda kagalasi,
makontena akulendewera pansi pa mapazi anga,
ndimamuganiza mnzangayo,
ine wa zaka makumi asanu ndi zitatu
amene sadzafika makumi asanu ndi zinayi.
Samva mphepo ya Januwale.
Sakudziwa kuti Ha-rim wakwatiwa,
kuti dzino lakumapeto lija ndinazulitsa,
kuti kampani ikubweretsa makireni oyenda opanda munthu.

Tsiku lina mwina adzamudzutsa.
Adzalowera m'singano, mlendo wodziwa njira zonse za m'nyumba,
adzapeza makoma atang'aluka, mwininyumba atachita imvi.
Kodi adzandizindikira?
Kapena ndidzatsogola osamuitana,
lole pamphambano, mtima kuima m'bafa,
zinthu zosafunsa kuti unasunga chiyani,
iye n'kutsala m'chisanumo, nambala pachivindikiro,
mpaka kalata yachitatu yokumbutsa ngongole itabwerera.

Pafomu panali mzere wofunsa zomwezo:
mwini akamwalira tichite nawo chiyani?
Kutaya, kupatsa ofufuza, kusiyira wachibale.
Cholembera ndinachigwira nthawi yaitali.
Namwino anabweretsa tiyi wa balere, mpaka anazirala.
Ndinalemba dzina la Ok-bun, osamuuza.
Adzakalipa, ndikudziwa,
adzati ngakhale uli kumanda ukundisiyirabe mabilu,
adzaponya lisitilo pansi, adzalitolanso,
kenako adzalipira chaka chimodzi.
Mwina ziwiri.