Kachishango ka Gitala

Ku Paracho mvula yangokata kumene.
A Eleuterio ayala tizishango tinayi pathebulo,
pambali pa gitala yomwe yawadyera miyezi isanu.

Kakuda aka nkolimba, akutero,
koma kamakhala ngati chigamba pa malaya aukwati.
Aka kamawangamawanga ngati chigoba cha kamba
ndi pulasitiki chabe, asakunamize munthu.
Kathabwa aka nkokongola, inde,
koma kamalemera,
kamatsamwitsa mawu a mkungudza.

Nereida sakuyankha.
Wasolola m'thumba gitala ya malemu bambo ake.
M'munsi mwa chibowo thabwa linadyeka,
zaka makumi atatu za zikhadabo
m'mabasi opita ku Uruapan,
mpaka panakumbika kakhwawa.

Ndiye ndikumatire kati, mwana iwe?

Watola kachinayi, koyera mbee ngati madzi,
wakasanjika pa gitala yatsopano.
Mizere ya thabwa ikuonekabe pansi pake,
yothinana, zaka zonse zomwe mtengowo unaima kuphiri.

Matani aka. Koma mukachepetse.
Musiyeko malo m'mphepetemu
poti nanenso ndidzakandepo.

A Eleuterio aseka chamumtima,
apukutira guluu pathalauza
nayamba kufunafuna sizasi.