Mafulemu Khumi ndi Awiri pa Sekondi

Bambo anga, a Eleodoro, ankapanga makaiti
m'kachipinda koyang'ana doko la Valparaíso:
nsungwi, mapepala opyapyala, ulimbo m'chitini cha nsomba.
Ine ndinkafuna kupanga kaiti yosagwirika.

Chaka chimenecho ndinabwereka kompyuta ya Maritza,
ndinakwera nayo masitepe zana ndi makumi anayi
chifukwa chikepe cha paphiri chinali chitafanso.
Ndinaikhazika pakati pa sizasi ndi ulusi.
Bambo anangosuntha kapu yawo, osanena kanthu.

Pa fulemu yoyamba ndinajambula kaiti pansi, kumanzere.
Pa fulemu ya makumi anayi ndinaiika m'mwamba, kumanja.
Zapakati ndinasiyira pulogalamu.
Kuuluka inauluka ndithu,
koma mowongoka ngati njanji,
ngati chinthu chosadziwa mantha.

"Imeneyo si kaiti," anatero bambo.
"Kaiti imayamba yakana. Imapukusa mutu.
Mphepo ya kuno imafika mochedwa,
ngati munthu wodzera kumowa."

Ndiye ndinatsegula kabokosi ka malamulo
kuti ndiphunzitse makina kukayika:
tola nambala iliyonse yosaposa zisanu ndi ziwiri,
uwonjezere kapena uchotse, usandifunse;
kamuvi ka mlendo kakayandikira, thawa pang'ono;
akakudina, igwa, koma usafike pansi.

Masiku atatu kaiti inangoti njo, osasuntha.
Ndinatukwana sikirini, ndinatukwana ndi amene anaipanga.
Mbandakucha wachinayi, agalu a mumsewu atatopa kuuwa,
ndinapeza kuti pakusowa kadontho kamodzi
pa mzere wa makumi asanu ndi limodzi.
Kadontho! Nyerere n'kukhala yaikulu.
Nditakabwezera, mchira unayamba kupepeluka,
ndipo ndinaseka mpaka mayi Purísima a kuseri anagogoda khoma.

Mawu tinajambula Lamulungu.
Bambo anaopa maikolofoni ngati jakisoni.
Anatsokomola kaye, nati, "Masula ulusi, mwanawe, masula."
Chifuwacho ndinadula, ndinasunga mawu anayiwo,
n'kuwamangirira ku batani lofiira.
Kuti tsamba lisalemere pa mawaya a foni
ndinawafinya mpaka anamveka ngati akuyankhulira m'botolo.

Tsambalo linkachedwabe kutseguka.
Ndinajambula kamzere kodzaza pang'onopang'ono,
ngati ulusi ukukulungidwa pa kamtengo.
Munthu wina wa ku Antofagasta anapirira, anadikira,
naitanitsa makaiti asanu ndi awiri.
Bambo anafunsa ngati ndinamuona nkhope. Ndinati ayi.
Anawakulunga mosamala ngati mazira
n'kulembapo adiresi kawiri.

Papita zaka.
Chikepe anakonza. Bambo tinawaika ku Playa Ancha.
Pulogalamu ijanso eni ake anaikwirira
popanda kuitana munthu ku maliro.
Ndikalemba adiresi ya tsamba pa foni yanga
pamabwera bokosi lotuwa
ndi mawu aulemu oti izi sizingatseguke.

Koma kompyuta ya Maritza sindinabweze.
Ili pansi pa tebulo, yachikasu ngati dzino la wosuta,
imabuula mphindi zinayi isanadzuke.
Mwezi wa Seputembala, thambo la mapiri likadzaza mapepala,
ndimaiyatsa, ndimapukuta kampira ka mbewa ndi malaya,
kamzere kamadzaza,
kaiti imayamba yakana.
Imapukusa mutu.

Batani lofiira sindilidina msanga.
Ndimazungulitsa kamuvi m'mbali mwake,
kaiti ikuthawa dzanja langa
monga ndinailamulira ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu.
Siinaiwale mzere ndi umodzi womwe.

Kenako ndimadina.
Mawu anayi amatuluka m'botolo, oyera, osatsokomola.
Ndimadinanso.
Ndinafufuza mafoda onse, ndi zimbale za m'kabati zomwe:
chifuwa chija mulibe.
Chinali theka la sekondi basi,
mafulemu asanu ndi imodzi,
ndipo ndinkati chikulemeretsa tsamba.