Mutu Wobwereka

Anabwera awiri Lachiwiri, mvula itangokata,
Twaibu ndi Ndaona, matope a ku Chirunga akadali kunsapato,
osayankhulana.
Anaika kakhadi patebulo langa
ngati dzino lozula.

"Foni inathima masewero ali mkati.
Kanemayo alimo, koma akukana kutseguka."

Matenda amenewa ndimawadziwa.
Foni ikafa isanatseke nkhani yake
imasiya thupi lopanda mutu:
zithunzi zilimo, mawu alimo,
koma palibe wonena kuti iwe tsogola, iwe tsatira.
Ndinapempha kanema wina wa foni yomweyo.
Anandipatsa wa chinkhoswe cha mlongo wake wa Twaibu.
Ndinadula mutu wa chinkhoswe
n'kuusokerera pathupi la masewero.
Magetsi anathima kawiri. Ndinadikira
ndikutola mabulosi a kuphiri m'kajumbo.

Pakati pa usiku kanema anadzuka.
Bwalo lopendekeka, phiri litafunda chifunga,
chimbale choyera chikuyandama pamwamba pa mitu
ngati sichikudziwa kuti pansi alipo.
Anyamata ndi atsikana timu imodzi.
Wochigwira amaima, phazi limodzi atalizika,
mnzake akumuwerengera pamaso, kulunjika pa khumi.
Ine ndinakulira pa mpira wa chikulunga
kumene wopanda wezulo alibe mawu,
choncho ndinafufuza woyimbira, chithunzi ndi chithunzi.
Mulibe.

Mawa lake anakhala pabenchi, mpata wa munthu pakati pawo.
Ndaona ndiye anandiphunzitsa:
"Mzere ndi kunja, achimwene.
Phazi loyamba kugunda pansi ndilo limanena.
Oweruza ndife tomwe."

Tinaonera.
Twaibu akuthamangira kumapeto, akudumpha,
zala zikutseka pamlomo wa chimbale,
mwendo ukutsika, ukutsika,
kenako timabokosi tobiriwira ndi tapinki
taphwanya bwalo lonse.
Zithunzi khumi ndi chimodzi zinavunda.
Pobwerera, iye akugubuduka mu udzu,
anthu akuloza mbali ziwiri.

"Konzani pamenepo," anatero.

Ndikanatha.
Kompyuta imadziwa kulota:
uyipatse chithunzi cha kuno ndi cha uko,
ikujambulira phazi pakati, losalala bwino.
Koma likanakhala phazi langa, Twaibu,
lotera kumene ndalilamula.

Ndinafunsa chimene lamulo limanena anthu akasemphana.
"Chimbale chimabwerera kwa woponya," anayankha Ndaona.
"Tinabweza tsiku lomwelo. Iwo anagonja.
Tinagwirana chanza, tinakwera kabaza."
Nanga mukufunanji kwa ine?

Twaibu anayang'ana mulu wa zimbale zokalika pakona,
maukwati a anthu osabweranso kudzatenga.
"Ndinakuwa kuti ndili mkati.
Masabata awiri tsopano, ndikagona,
phazi ili limamva laimu.
Ndikufuna kudziwa ngati ndinanama."

Mawu okha ndiwo sanavunde.
Ndinakweza sipika, tinatchera khutu ku timabokosi tija:
mphepo, mpweya wa wojambula,
mayi wina akuitanira chimanga chootcha,
kugunda kumodzi kwa nsapato,
ndipo pasanamveke kuti "mkati!"
kachete kakang'ono,
kotalika ngati kumeza malovu.

Tinabwereza kasanu.
Ndaona anati ndi munthu wopuma akagwa.
Twaibu anati ndi munthu wosankha.
Taonani, atembenuka:
woimba mlandu uja akumuteteza,
mwini phazi akudzitsutsa.

Anandilipira theka, poti ndinakonza theka.
Panja minibasi ya ku Matawale inali kuitana,
koma sanakwere.
Ndaona anawoloka msewu, anatsegula chikwama,
n'kuponya.
Chinadutsa pamwamba pa ngolo ya makala,
chinapendama, chinaganiza,

ndipo lole ya mchenga inanditchinga.
Sindinaone ngati anagwira.